Mphasa ya Pampanda

Kwathu ku Salima, m'mudzi momwe ndinakulira, munthu sachita kufunsa kuti adziwe nyumba imene muli mwana wokodza pogona. Mpanda ndiwo umaulula. Dzuwa likangotuluka mphasa ndi bulangete zimakhala zitayanikidwa pamenepo, ndipo aliyense wopita kumjigo kapena kudimba amaziona. Mwana akakhala wa zaka zitatu kapena zinayi palibe amene amalabadira. Koma mphasayo ikakhala ya mnyamata wa zaka 11, wa Sitandade 6, amene amatha kupalasa njinga atanyamula thumba la mpunga, nkhani imafala mudzi wonse. Mphasa yotereyi inkayanikidwa pampanda wathu pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mwini wake anali mng'ono wanga. Dzina lake sinditchula, chifukwa pondilola kulemba nkhaniyi anandipempha chinthu chimodzi chokhacho.

M'banja mwathu tinabadwa anayi, ine woyamba, iye wachitatu, ndipo amuna tilimo awiri okha. Bambo athu anamwalira mu 2013, iye ali ndi zaka zinayi. Atakula pang'ono anandipeza m'gowelo, kanyumba kaudzu kuseri kwa nyumba ya amayi, momwe tinkagona pamphasa imodzi ndi kufunda bulangete limodzi. Choncho vuto lake linali langanso. Pakati pa usiku ndinkadzidzimuka nditamva kutentha kumsana, ndipo pasanapite nthawi kutenthako kunkasanduka kuzizira. Apo ndinkayamba ndi chigongono, kenako mawu. "Iwe, kodi ndiwe khanda? Dzuka! Ulesi basi!" Ndinkamukankhira padothi, ine n'kusendera mbali youma. Iye sankayankha. Ankangodzipinda pakona mpaka tambala woyamba. Nditasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko mu 2017, anthu ankaganiza kuti ndikusangalalira maphunziro okha, koma mumtima ndinkasangalalanso kuti ndizikagona pouma.

Pakhomo pathu panalibe amene ankakayika kuti mwanayo ankachita dala. Amayi ankati ndi ulesi, akuopa kutuluka panja usiku. Agogo ankati ankaseweretsa moto madzulo, pakuti kwathu ana amauzidwa kuti wosewera ndi chikuni cha moto amakodza pogona. Anamuletsa kusonkheza moto, koma mphasa inanyowabe. Anamuletsa kumwa madzi dzuwa likapendeka, moti nsima yamadzulo ankaimeza youma, maso ali pachikho cha anzake. Mphasa inanyowabe. Amayi anagulitsa nkhuku ziwiri n'kupita naye kwa sing'anga wina kutsidya kwa dambo, komwe anabwerako ndi mizu yowawa ndiponso kachingwe ka m'chiuno. Panapita masiku awiri ouma, tonse n'kuyamba kutama sing'angayo, koma tsiku lachitatu mphasa inabwerera pampanda. Zonsezi zitakanika, chotsala chinali chikwapu.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi la mu Disembala 2019, ndili patchuthi. Mvula inali itagwa usiku ndipo achule anali mbwee pabwalo. Agogo anatola chule wamkulu n'kumumangirira ndi luzi m'chiuno mwa mng'ono wanga. Kenako anamusenzetsa mphasa yake yonyowa n'kuuza ana a m'mudzi kuti amuperekeze mpaka kumjigo akumuimbira nyimbo yachipongwe. Agogo sanachite izi chifukwa cha nkhanza. Iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti manyazi ndi mankhwala, kuti mwana akachititsidwa manyazi kamodzi kokwanira sadzayambiranso. Ana anaimba, amayi ena kumjigo anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine, mnyamata wa Fomu 3 amene ndinkadziona ngati wophunzira, ndinaima pachipata n'kumaomba m'manja. Mng'ono wanga sanalire. Atafika pafupi nane anandiyang'ana kamodzi, n'kuweramitsanso mutu. Usiku womwewo mphasa inanyowa kuposa kale.

Kuyambira pamenepo mwanayo anasintha. Anasiya kupita kumpira wachikulunga, chifukwa anzake anali atamupatsa dzina la chule. Kumaliro a achibale a ku Nkhotakota anakana kupita, poti kunali kokagona. Aphunzitsi ake anatumiza mawu akuti akumawodzera m'kalasi, mwana amene kale sankachoka pa nambala 3. Ife tinangoti ndi ulesi womwe uja wakula. Mu Malichi 2020 boma linatseka sukulu zonse chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo ndinabwerera m'gowelo muja kwa miyezi yoposa isanu. Ndinapempha amayi kuti andigulire mphasa yangayanga, ndipo ndinaiyala kutali ndi yake.

Usiku wina mu Juni, mphepo ya mwera ikuomba mwamphamvu kuchokera kunyanja, ndinadzuka n'kupeza kuti m'goweloyo ndili ndekha. Mphasa yake panalibe, bulangete panalibe. Foni inkaonetsa kuti nthawi yangopitirira 3 koloko. Ndinayang'ana kuchimbudzi, kulibe. Ndiye ndinamva phokoso la mjigo chapatali, ukupopedwa pang'onopang'ono ngati munthu akuba madzi. Ndinathamangira komweko. Ndinamupeza ali chilili mumdima, atavala kabudula yekha, akutsuka bulangete popanda sopo, mano akugwedezeka ndi chisanu. Atandiona anabisa nkhope ndi mkono, podikira khofi.

"Achimwene, musawauze amayi," anatero. "Ndimafuna liume kusanache."

Ndinamufunsa ngati kanali koyamba kubwera kuno usiku. Anapukusa mutu. Anati masiku ambiri amayesetsa kuti asagone n'komwe. Amakhala tsonga atatsamira khoma, kudzitsina pantchafu, kuwerenga kulira kwa agalu, mpaka tulo timugonjetse. "Sindimva chilichonse, achimwene. Nthawi zina ndimalota ndili kuchimbudzi, ndatseka chitseko bwinobwino. Podzuka ndimapeza zachitika kale. Ndikanakhala kuti ndimamva, mukuganiza kuti ndikanafuna chule uja?"

Ndinasowa choyankha. Mwana amene tinkamunena kuti ndi waulesi woopa kuyenda mapazi 30 kupita kuchimbudzi ndi yemweyu anali atayenda yekha mumdima mpaka kumjigo, kumalo komwe ngakhale akuluakulu amaopa afisi. Ndinavula juzi langa n'kumuveka. Tinafinya bulangete lija awiri, wina uku wina uku, n'kubwerera osalankhulana. Usiku umenewo anagona pamphasa yanga.

Mutu umodzi susenza denga. Patapita masiku awiri ndinapalasa njinga kupita kwa amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ndiwo mwini mbumba yathu. Ndinawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa chule mpaka pa mjigo. Anakhala chete nthawi yaitali, singano ili m'manja. Kenako anati, "Mphwanga, ukundiona ine ndi imvi zangazi? Ndinasiya kunyowetsa mphasa ndili ndi zaka 13. Chule ameneyo ndinamuvalapo kawiri. Sanandichiritse. Ndinangosiya ndekha, sindidziwa kuti zinatha bwanji." Anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu. "Ndipo sindinali ndekha m'nyumba mwa agogo akowo. Mlongo wangayo, mayi ako, anavutika mpaka atatsala pang'ono kutha msinkhu. Koma usakamufunse. Chilonda chake sichinapole."

Pobwerera ndinalephera kupalasa, ndinangoyenda ndikukankha njinga. Amayi, amene dzanja lawo linali lolemera kwambiri pa mwanayu, anali atadutsa m'njira yomweyo. Ndinayamba kumvetsa kuti mkwiyo wawo unali mantha. Mphasa iliyonse ya pampanda inkawakumbutsa nyimbo imene iwonso anaimbiridwa, ndipo mankhwala okha amene ankawadziwa anali omwe anamwetsedwa iwo. Sindinawafunse mpaka lero. Amalume ndiwo anabwera Loweruka lotsatira n'kukhala nawo pakhonde, pamodzi ndi agogo. Zimene anakambirana sindinazimve, koma madzulo ake amayi anandipatsa ndalama ya kabaza n'kunena kuti, "Mawa upite naye kuchipatala mng'ono wakoyu."

Kuchipatala tinadikira mmawa wonse titavala zotchinga pakamwa ndi mphuno. Mng'ono wanga anandinong'oneza kuti ndikanene kuti akudwala m'mimba. Titalowa, adokotala, mayi wachikulire wa magalasi, anaona kuti ndikuzungulira nkhani. Anatembenukira kwa iye n'kufunsa modekha ngati mmene munthu amafunsira za chifuwa. "Mwana wanga, kodi umanyowetsa pogona? Kangati pa sabata?" Anafunsanso ngati panakhalapo miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana imene sanakodze pogona. Anafotokoza kuti mwana amene anasiya kwa nthawi yaitali chonchi kenako n'kuyambiranso amafunika kumufufuza mwachangu, chifukwa kawirikawiri pamakhala china chayambitsa, monga matenda a m'njira ya mkodzo, matenda a shuga, kapena chinthu chimene chamusweretsa mtima. Mng'ono wanga anali asanasiyepo chibadwire. Anamufunsa za ludzu, za kuwonda, za ululu pokodza, ndiponso ngati amaona magazi. Pa funso lomalizali anazengereza, kenako anavomera kuti timadontho tofiira timabwera kumapeto kwa mkodzo. Sanauze munthu chifukwa anzake osambira nawo kudambo ankati chimenecho ndi chizindikiro chakuti mnyamata akukula.

Atayeza mkodzo, shuga sanapezeke, koma mazira a likodzo anapezeka. Tizilombo ta likodzo timachokera mu nkhono za m'madzi odikha ngati a m'minda ya mpunga, timalowa pakhungu, ndipo mazira ake amatupitsa khoma la chikhodzodzo mpaka munthu kumangomva mkodzo pafupipafupi. Anamupatsa mapiritsi a praziquantel kuti amwe atadya. Ine ndinasangalala poganiza kuti gwero lapezeka, koma adokotala anandichenjeza. "Achimwene, likodzo tichiza, koma musayembekezere kuti mphasa iuma mawa. Likodzoli langowonjezera moto pa vuto limene linalipo kale."

Kenako anatenga pepala n'kujambula impso ziwiri, chikhodzodzo ndi mutu wa munthu. Anati zinthu zitatu ndizo zimakumana mwa mwana wokodza pogona. Choyamba, munthu akagona ubongo umatulutsa homoni yotchedwa vasopressin yochuluka kuposa masana, ndipo imeneyi imauza impso kuti zichepetse mkodzo. Mwa ana ena homoniyi siikwera mokwanira usiku, choncho impso zimagwira ntchito ngati ndi masana. Chachiwiri, chikhodzodzo cha ana ena chimasunga mkodzo wochepa, kapena chimafinya chisanadzaze. Chachitatu, uthenga wochokera kuchikhodzodzo sukwanitsa kudzutsa ubongo umene uli m'tulo. "Ndiuzeni," anatero, "pa zitatuzi, n'chiti chimene chikwapu chingakonze?" Anaonjezera kuti vutoli limayenda m'magazi, ndipo anafunsa ngati kwathu kunali wina amene anavutikapo. Ndinati amalume. Dzina lachiwiri ndinalimeza.

Chimene chinadzutsa nkhope ya mng'ono wanga chinali chiwerengero. Adokotala anati mwa ana 100 alionse a zaka zisanu, pafupifupi 15 amakodza pogona. Pofika zaka 10 amatsala pafupifupi asanu, ndipo pa zaka 15 amatsala mmodzi kapena awiri. Anyamata ndiwo amachuluka kuposa atsikana. Chaka chilichonse, mwa ana 100 amene ali ndi vutoli, pafupifupi 15 amasiya okha popanda mankhwala. Anamufunsa kuti m'kalasi mwake muli ana angati. Anati 112. "Ndiye kuti muli anzako anayi kapena asanu ngati iwe," anatero adokotala. "Mwina ena mwa iwo ndi omwe amaimba mokweza kwambiri." Aka kanali koyamba m'miyezi isanu ndi umodzi kumuona mwanayo akumwetulira.

Tinapatsidwa ntchito yakunyumba. Kwa masiku awiri tinayenera kuyeza mkodzo wake wamasana ndi kulemba zonse zimene wamwa. Tinadula botolo la madzi la theka la lita n'kulilemba mizere. Adokotala anali atatiphunzitsa kasamu kake. Pa zaka za mwana uwonjezere chimodzi, kenako uchulukitse ndi 30, ndipo yankho ndi mamililita amene chikhodzodzo cha msinkhu umenewo chimayembekezeka kusunga. Kwa iye anayenera kukhala 360, koma sanapitirirepo 200. Polemba zimenezi tinatulukiranso zina. Kusukulu sankamwa madzi n'komwe, poopa mzere wa kuchimbudzi ndi fungo lake, ndipo chizolowezichi anapitiriza ngakhale sukulu zitatsekedwa. Ludzu lonse linkamugwira madzulo, moti ankaba madzi mumtsuko tonse titagona. Chimbudzi ankachita kamodzi pa masiku atatu, cholimba. Titabwerera kuchipatala adokotala anati kudzimbidwa ndi mdani wobisika pankhaniyi, chifukwa matumbo odzaza amapanikiza chikhodzodzo n'kuchichepetsera malo. Apa ndinazindikira kuti pomumana madzi tinkakulitsa vuto lomwe tinkafuna kuthetsa.

Ndiye tinayamba kuchita zosiyana ndi zakale. Madzi ankamwa ambiri mmawa ndi masana, mabotolo atatu a theka la lita, ndipo madzulo ankangomwa pang'ono pomezera nsima. Tiyi ndi zakumwa zakuda za m'mabotolo tinazichotsa madzulo, chifukwa zili ndi kafeini amene amachulukitsa mkodzo. Masana ankapita kukataya madzi pakapita maola awiri kapena atatu, osadikira kuti amuthine. Amayi anayamba kuphika mgaiwa kawirikawiri, ndi nkhwani, bonongwe ndi mapapaya, ndipo akadya phala mmawa ankakhala kuchimbudzi kwa kanthawi mosathamanga. Asanagone ankataya madzi, n'kubwerezanso tikamazimitsa nyali. Pakhomo pa gowelo tinaika chitini ndi tochi. Pamwamba pa mphasa tinayala thumba la feteleza long'ambula, pamwamba pake chitenje chakale, kuti zikachitika tingochapa chitenje chokha n'kuchiyanika kuseri pamodzi ndi zovala zina. Mphasa inasiya kukwera pampanda. Kuchapako tinkachapa tonse awiri, masana, ndi sopo, ngati ntchito ina iliyonse ya pakhomo.

Kumapeto kwa kope lake la masamu tinajambula kalendala. Poyamba ndinkafuna kuti tizichonga masiku ouma, koma adokotala anakana. Anati mwana ayamikiridwe pa zimene angathe kuzilamulira, monga kumwa madzi masana, kutaya madzi asanagone ndi kuthandiza kuchapa. Kuuma kwa usiku sikuli m'manja mwake, choncho kumuchongera pamenepo n'kumulanga mwa njira ina. Ndinkatcheranso foni kuti indidzutse cha m'ma 11 koloko kuti ndimudzutse. Ntchito imeneyi inali yovuta, pakuti mwanayo ankagona ngati chipika, ndipo ndinkachita kumufunsa masamu kuti nditsimikize kuti wadzukadi. Anatiuziratu kuti kudzutsa koteroko kumangothandiza kuti pogona paume usiku umenewo, sikuphunzitsa thupi kudzuka lokha. Komabe kunamupatsa chinthu chimene anali atachisowa kwa nthawi yaitali, tulo topanda mantha.

Ndikanama ndikanena kuti zonse zinayenda bwino. Panali masabata amene kunkanyowa masiku asanu otsatizana. Panali usiku wina umene ndinatopa n'kulankhula mawu akale aja, ndipo kutacha ndinachita kupepesa. Agogo ankang'ung'udza kuti tikumulera ngati dzira. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Pamene ndinkabwerera kusukulu chakumapeto kwa 2020, masiku onyowa anali atatsika kuchoka pa asanu ndi limodzi kufika pa awiri kapena atatu pa sabata. Ndinkada nkhawa kuti ndani adzapitiriza. Madzulo oti ndinyamuka mawa, amayi anandiitanira kukhitchini n'kundipatsa kafoni kawo kamabatani. "Tandionetsa mmene umatcherera kuti kazilira usiku," anatero, osandiyang'ana kumaso. Kuyambira pamenepo iwo ndiwo ankawoloka bwalo usiku uliwonse kukagogoda pagowelo.

Mayeso aakulu anabwera mu 2022. Mng'ono wanga anakhoza bwino mayeso a Sitandade 8 ndipo anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Nthawiyo vuto linkabwera kamodzi kapena kawiri pamwezi, makamaka akatopa kwambiri. Pakhomo panali nthungululu masana, koma usiku panali nkhawa. Amayi ankafuna kuti tikapemphe malo pasukulu yoyendera ya pafupi. Ine ndinkadziwa bwino moyo wa kumalo ogona anyamata, momwe ana 40 amagona chipinda chimodzi pamabedi osanjikiza, komanso mmene ana a Fomu 1 amazunzidwira ndi akuluakulu awo. Ndinkadziwa kuti dontho limodzi lochokera pabedi lapamwamba likhoza kupatsa mwana dzina loti alisenze zaka zinayi. Nanenso ndinayamba kupendekera kumbali ya amayi. Koma amalume anati timufunse mwini wake. Iye anati, "Malo amenewa ndawagwirira ntchito. Ndikakhala pakhomo chifukwa cha mkodzo, ndiye kuti chule uja wapambana."

Tinamugulira pulasitiki yolimba n'kukuta matiresi ake, pamwamba n'kusokerera nsalu kuti isamalire akatembenuka. Tinamulongedzera nsalu zoyala ziwiri zofanana ndi kabudula wapadera. Tsiku lotsegulira ndinamuperekeza, ndipo atandilola ndinapempha kulankhula pambali ndi aphunzitsi oyang'anira malo ogona. Mtima unkagunda, poti sindinkadziwa ngati ndikumuthandiza kapena ndikumugulitsa. Aphunzitsiwo sanadabwe n'komwe. Anati chaka chilichonse amalandira ana otere, koma ambiri amawadziwa mochedwa, mwana atayamba kale kuthawa sukulu. Anamupatsa bedi lam'munsi pafupi ndi chitseko, n'kumuuza kuti zikachitika azipinda nsalu yake mwakachetechete n'kukachapa nthawi ya ntchito zam'mawa. Teremu yoyamba zinachitika kawiri, ndipo palibe anadziwa. Ali Fomu 2 zinatheratu, mofanana ndi amalume, popanda tsiku lenileni loti tingaloze.

Nditafika kuyunivesite ndinafufuza nkhaniyi m'laibulale, ndipo ndinapeza kuti zimene adokotala aja anatiuza n'zimene akatswiri akhala akulemba kwa zaka zambiri. Makolo onse awiri akakhala kuti ankakodza pogona, ana pafupifupi atatu mwa anayi amatengera, ndipo likakhala kholo limodzi, amatengera ana oposa anayi mwa khumi. Ndinawerenganso kuti mu 1938, ku America, akatswiri awiri a zamaganizo, Hobart Mowrer ndi mkazi wake Willie Mae, anafalitsa njira yogwiritsa ntchito kachipangizo kamene kamaliza belu dontho loyamba likangogwa, mpaka ubongo wa mwana utazolowera kudzuka wokha. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito mpaka lero, pamodzi ndi mankhwala otchedwa desmopressin amene amatsanzira homoni ija ndipo amaperekedwa ndi dokotala. Ife tinalibe zonsezi. Tinali ndi botolo lodula, thumba la feteleza ndi kafoni kamabatani. Koma ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti mankhwala oyamba anali oti pakhomo pathu tisiye kumuona mwanayo ngati wolakwa. Thupi lake likanatha kukhwima lokha pa nthawi yake, monga linachitira la amalume. Chimene sichikanabwerera ndi mwana wa nambala 3 uja, amene tinatsala pang'ono kumutaya chifukwa cha manyazi.

Patchuthi chapitachi ndinamupempha chilolezo cholemba nkhaniyi, ndipo ndinapezerapo mwayi wopepesa za tsiku la chule. Ndinkaganiza kuti anaiwala kuti ndinali pachipata. Anati sanaiwale. Anati nyimbo ya ana aja siinamupweteke kwambiri ngati manja anga. Tinakhala chete kwa kanthawi. Kenako anandiuza kuti ali Fomu 3 anasankhidwa kuyang'anira chipinda chogona, ndipo tsiku lina m'bandakucha anapeza kamnyamata ka Fomu 1 kali pampopi, kakutsuka bulangete mumdima. Ndinamufunsa kuti anachita chiyani.

"Ndinagwira mbali inayo," anatero, "tinafinya awiri."